Mafunso a Owerenga: Ndalama za Ntchito Yosintha Kasamalidwe ka Ana M'midzi

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anthu amene akuyendetsa magulu a m'midzi othandiza ana, ndipo onse akuzungulira nkhani ya ndalama: kozipeza, kozigwiritsa ntchito, ndi chochita zikatha. Tasankhapo asanu ndi awiri, ena tawafupikitsa. Akuyankha ndi alangizi athu a za kadyedwe, chitetezo cha ana ndi kayendetsedwe ka chuma cha mabungwe.

Gulu lathu lalemba makalata opempha ndalama kangapo koma onse akanidwa. Ntchito yathu ndi yophunzitsa makolo kadyetsedwe ka ana ndi ukhondo. Anzathu opempha mjigo kapena mdadada wa sukulu akupatsidwa. Kodi ntchito yongoyankhula ndi anthu munthu angailembere bwanji bajeti? — Mlembi wa CBO (bungwe la m'mudzi), Ntchisi

A mlembi, mjigo uli ndi mwayi woti wopereka ndalama amauona ndi maso, nkuujambula, nkubwerera kwawo wokhutira. Ntchito yanu imaoneka pokhapokha mwaiwerengera, ndiye iwerengereni. Chimene ndalama zimagula pa ntchito imeneyi ndi maulendo. Mayi wophunzitsidwa bwino afike pakhomo pa mnzake kawiri pamwezi, mwezi ndi mwezi, ndipo pakhale wina womuyendera iyeyo kuona ngati akuphunzitsa zolondola. Zina zonse za mu bajeti zilipo kuti maulendo amenewa asaduke.

Njira imene boma lathu limagwiritsa ntchito pa kadyedwe ndi ya keya gulupu, imene bungwe la World Relief linayamba ku Gaza m'dziko la Mozambique mu 1995. Makomo 10 mpaka 15 oyandikana amasankha mmodzi mwa iwo kuti aziwayendera, amene ambiri amamutchula kuti cluster leader. Atsogoleri otere 10 mpaka 15 akakhala pamodzi ndiye keya gulupu imodzi. Amakumana ndi pulomota, amene amawaphunzitsa ndi kuwayang'anira, kawiri pamwezi kwa maola osaposa awiri, kuphunzira mutu umodzi basi, kenaka aliyense nkukaufikitsa m'makomo mwake. Tiyerekeze kuti dera lanu lili ndi makomo 600 amene muli mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka zisanu. Mufunika atsogoleri 60, makeya gulupu 6 ndi mapulomota awiri. Mabuku a njirayi amalola pulomota mmodzi kuyang'anira magulu mpaka 9, koma ameneyo ndi wolipidwa, wokhala ndi choyendera. Wongodzipereka woyenda wapansi m'zitunda za ku Ntchisi musamupatse oposa atatu. Makomo 600 kuyenderedwa kawiri pamwezi ndi maulendo 1,200 pamwezi, 14,400 pachaka. Gawani ndalama zonse zimene mukupempha pachaka ndi nambala imeneyi, mtengo wa ulendo umodzi muulembe patsamba loyamba. Wowerenga pempho lanu wapeza tsopano chinthu chochigwira.

Chachiwiri chimene chimagwetsa mapempho ambiri ndi kulonjeza zonse. Munthu akalemba kuti adzaphunzitsa anthu za ukhondo, kadyedwe, ufulu wa ana, HIV ndi kusintha kwa nyengo, wowerenga amadziwiratu kuti palibe chimene chidzafike pakhomo. Sankhani makhalidwe atatu kapena anayi, lililonse mulilembe mooneka: ndani, achite chiyani, liti. Mwachitsanzo, mayi wa mwana wosakwana miyezi 6 aziyamwitsa mwakathithi, osamupatsa madzi kapena dawale. Mwana wa miyezi 9 mpaka 23 azidya katatu kapena kanayi patsiku, m'mbale yakeyake. Mwana akatsegula m'mimba apatsidwe Thanzi, ndipo zinki amwe kwa masiku 10 osalekeza, ngakhale atachira tsiku lachitatu. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, kuyamwitsa mwakathithi kunatsika kufika pa 61 pa 100 kuchoka pa 71 mu 2010, ndipo ana 8 okha pa 100 a miyezi 6 mpaka 23 ndiwo ankadya mokwanira. Manambalawa alembeni, koma pambali pake muikepo a m'kaundula wa mlangizi wa zaumoyo wa kwanu, chifukwa a dziko lonse aliyense wopempha amawakopera.

Musanalembe n'komwe, fufuzani chimene chikuletsa anthu. Amayi ambiri uthenga wa kuyamwitsa anaumva kalekale kusikelo ndi pa wailesi, kotero kuubwereza mokweza sikusintha kanthu. Pali kafukufuku wosavuta: funsani amayi 45 amene akuchita kale khalidwelo ndi ena 45 amene sakuchita, mafunso ofanana. Chimakuthandizani n'chiyani, chimakuvutani n'chiyani, ndani amakulimbikitsani, ndani amakuletsani. Pamene mayankho a magulu awiriwa asiyana ndi 15 pa 100 kapena kuposa, pamenepo ndiye pagona vuto. Anthu anayi atha kumaliza ntchitoyi m'sabata imodzi. Mukapeza kuti amene amalamula zomwetsa khanda ndi apongozi aakazi, ndalama zipite ku misonkhano ya agogo. Ku Ekwendeni ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities, yomwe inayamba mu 2000, inayenda bwino italowetsamo agogo ndi abambo m'zokambirana ndi m'masiku ophika pamodzi. Mukapeza kuti mayi amachoka m'mamawa kupita ku ganyu nkusiya khanda ndi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, phunziro lokha silikwanira, ndipo pempho lanu linene zimenezo poyera.

Mu bajetimo muikemo maphunziro oyamba ndi obwereza miyezi itatu iliyonse, matchati a zithunzi okutidwa ndi pulasitiki okwanira aliyense ndi apadera angapo, makaundula, mayunitsi, ndi ndalama zoyendera mlangizi wa zaumoyo ndi wa ku khonsolo pobwera kudzaona ntchito. Mukagula njinga, lembaniponso matayala, machubu ndi tcheni za chaka chilichonse. Zimenezi zimaiwalika kawirikawiri, ndipo pofika dzinja lachiwiri njinga zakolekedwa kudenga. Musaiwale zimene banki imadula ndi malipiro a wowerengera mabuku pakutha pa chaka. Zoti muchepetse ndi mwambo wotsegulira wa matenti ndi zokuzira mawu, matisheti, ndi misonkhano ya kunyanja. Ngati tsiku limodzi lotsegulira likudya ndalama zoposa za kalondolondo wa miyezi itatu, bajetiyo yapendekeka.

Pa nthawi, pemphani zaka zitatu. Kuchokera pamene mayi watenga pakati kufika pamene mwana wakwanitsa zaka ziwiri ndi masiku 1,000, ndipo miyezi itatu kapena inayi yoyamba imathera polemba makomo, posankha atsogoleri ndi kuwaphunzitsa. Akakupatsani za miyezi 12 yokha, chepetsani midzi, maulendo musawachepetse. Pemphaninso kuti mgwirizano ulole kukonzanso bajeti kwacha ikagwa. Mu November 2023 inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, kuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700 pa dola, ndipo amene anali asanagule njinga ndi kusindikiza matchati anapeza ndalama zosakwana. Zogula zikuluzikulu muzimalize m'miyezi itatu yoyamba.

Kuno tinakokoleredwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023, chaka chotsatira kunabwera ng'amba. Kuphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya kwa munthu amene wagona ndi njala, si chipongwe chimenecho? Bwanji osangowapatsa ndalamazo adzigulire chakudya? — Mayi wa ku Nsanje

Mayi, mwanena zoona, ndipo aliyense wokonza ntchito zotere ayenera kuyankha funso lanu asanalandire tambala. Phunziro lopanda choika mumphika limangowonjezera manyazi kwa mayi amene akudziwa kale kuti mwana wake sakukhuta.

Koma ndalama zokha nazonso zinayesedwa. Ku Bangladesh, pakati pa 2012 ndi 2014, bungwe lofufuza la IFPRI pamodzi ndi WFP anapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa amayi osauka. Ena analandira ndalama zokha, ena ndalama zomwezo pamodzi ndi maphunziro a kadyedwe a sabata ndi sabata. Kupinimbira kunatsika ndi ana oposa 7 pa 100 alionse kwa amene analandira zonse ziwiri, pamene kwa a ndalama zokha sikunasinthe mooneka. Chifukwa chake n'chomveka. Ndalama ikalowa pakhomo losauka imakumana ndi ngongole, denga lodontha ndi thumba la chimanga, ndipo dzira la mwana wa miyezi isanu ndi inayi limakhala kumapeto kwa mzere ngati palibe amene walikumbutsa. Kuno kwathu, ku Zomba mu 2015 ndi 2016, bungwe la Save the Children linagwira ntchito ndi sukulu za mmera mpoyamba, kupereka mbewu ndi nkhuku pamodzi ndi maphunziro a kaphikidwe. Ofufuza atayerekeza sukulu 60 anapeza kuti ana ankadya zakudya zamitundumitundu, ndipo ang'ono awo a kunyumba, amene anali asanayambe n'komwe kupita kusukuluko, kupinimbira kunachepa.

Choncho m'dera ngati lanu bajeti iyende ndi zonse ziwiri. Ngati gulu lilibe mphamvu yogawa ndalama, lidzilumikize ku zimene zilipo kale. Mtukula Pakhomo, umene unayamba ku Mchinji mu 2006, tsopano uli m'maboma onse. Mtsogoleri wa makomo adziwe mabanja amene amalandira, ndipo awayendere sabata yolandirayo isanafike, akambirane ndi bambo ndi mayi onse awiri za kagawo kogula usipa, nsinjiro ndi sopo. Ndalama za pulojekiti zigule mbewu ya mbatata yofiira mkati monga Kadyaubwerere kapena Chipika, mbewu ya soya ndi khobwe, ndi nkhuku zopatsirana. Nkhukuzo zibwere ndi katemera wa chitopa wa miyezi itatu kapena inayi iliyonse, apo ayi zidzatha zonse m'chilimwe chimodzi.

Chionetsero cha kaphikidwe chigwiritse ntchito zimene amayi abweretsa kuchokera kwawo. Mukaphika ndi mkaka wa m'chitini ndi majarini zogulidwa ndi bungwe, mayi amabwerera kunyumba atatsimikiza kuti chakudya chabwino n'cha anthu olemera. Phala la mgaiwa likhale lolimba, loti mukapendeketsa supuni lisayoyoke, chifukwa kamimba ka mwana n'kakang'ono ndipo phala lamadzimadzi limamudzaza asanapeze mphamvu. Muthiremo supuni ya nsinjiro kapena ya ufa wa usipa wokazinga ndi kusinja, masamba a nkhwani kapena kholowa opotedwa bwino, ndi kasupuni ka mafuta. Wa miyezi 6 ayambe ndi masupuni awiri kapena atatu kawiri kapena katatu patsiku. Wa miyezi 9 mpaka 11 adye theka la kapu ya mamililita 250, ndipo wa chaka chimodzi afike pa magawo atatu mwa anayi a kapu kapena kapu yodzadza, uku akuyamwabe.

M'miyezi ya njala, kuyambira December mpaka March, ntchito yaikulu ya atsogoleri ikhale kuyeza mkono wa ana a miyezi 6 mpaka 59 ndi kalamba ka mitundu koyezera mkono. Kakafika pofiira, kutanthauza pansi pa masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa moti mukadina pamatsala kadzenje, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira chiponde kapena kugonekedwa. Ameneyo si wophunzitsira mayi ake kuphika. Mu bajeti mukhale kandalama ka kabaza wa ulendo umenewu.

Amayi ongodzipereka akusiya ntchito chifukwa bungwe lina m'dera lomwelo limapereka alawansi pa msonkhano uliwonse. Ife tiyambe kupereka? — Pulomota, Mangochi

Alawansi ya pa msonkhano uliwonse musaiyambe, chifukwa tsiku limene idzathe ndi tsiku limene gulu lidzathe, ndipo imakopa anthu olakwika. Zikadziwika kuti pali kenakake, mayina amene amafika ndi a abale a anthu olemekezeka a m'mudzi, osati a mayi amene anzake amamukhulupirira. N'chifukwa chake mtsogoleri azisankhidwa ndi makomo ake eniake, mfumu ingochitira umboni.

Komabe kudzipereka kuli ndi malire, ndipo mabungwe ambiri amawadumpha. Mtsogoleri wa makomo khumi asagwire ntchito yoposa maola ochepa pa sabata, makomo ake akhale oti afikako wapansi osasiya mphika pamoto nthawi yaitali. Akayamba kumutuma kulemba mafomu a mabungwe atatu, kuitanira anthu ku katemera ndi kukonza malo a alendo, imeneyo yasanduka ntchito yofunika malipiro. Pulomota ngati inu, amene mumayenda midzi ingapo, ndinu woyenera njinga, mayunitsi ndi kangachepe ka mwezi ndi mwezi kolembedwa poyera mu bajeti. Aliyense woitanidwa kumaphunziro kutali ndi kwawo abwezeredwe ya mayendedwe ndi chakudya, ndipo zifike tsiku lomwelo. Kuchedwetsa kubweza K2,000 kwa munthu amene anaikongola kumapha mtima kuposa kusalonjeza.

Chimene chimasunga magulu nthawi yaitali ndi banki m'khonde mkati mwa keya gulupu, chifukwa amayi amakhala ndi chifukwa chawochawo chokumanira, phunziro nkubwera ndalama zisanayambe kuponyedwa. Pa nkhani ya bungwe linalo, musalimbane nalo kumudzi. Itengereni ku komiti ya za kadyedwe ya pa boma, ya DNCC, imene ntchito yake ina ndi kugwirizanitsa mabungwe kuti asamaphwanyirane magulu.

Ndalamazo kwenikweni zimapezeka kuti? Ndipo tiyenera kukhala ndi mapepala anji? Bungwe limene linkatithandiza linatseka mwadzidzidzi mu 2025. — Wapampando wa komiti, Balaka

A wapampando, si inu nokha. Boma la America litaimitsa thandizo lake la kunja mu January 2025, ntchito zambiri za USAID zinaima m'masiku ochepa, ndipo magulu amene ankadalira gwero limodzi ndiwo anavulala kwambiri.

Yambani ndi mapepala. Gulu likhale ndi malamulo ake olembedwa, lilembetsedwe ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo, ndipo likhale ndi akaunti ya ku banki ya dzina la gulu yokhala ndi osayinira atatu osachokera banja limodzi, awiri azisayina nthawi iliyonse. Likafuna kukula kukhala NGO, liyenera kulembetsa ku NGORA, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022. Opereka ndalama ambiri masiku ano amafunanso ndondomeko yotetezera ana yosayinidwa ndi membala aliyense: kusakhala ndi mwana awiriwiri m'chipinda, kusajambula mwana popanda chilolezo cha kholo, ndi kumene nkhani ikaonekera ikanenedwe. Sungani kaundula wa ndalama ngakhale zili zochepa. Gulu limene likuonetsa malisiti a K300,000 ya zopereka za mamembala limakhulupirika kuposa limene likupempha mamiliyoni lilibe kope.

Gwero loyamba ndi khonsolo. Nkhani yanu ilowe m'mapulani a komiti ya chitukuko ya kwa gulupu (VDC), ikwere ku ya kwa T/A (ADC), kuti ipezeke m'pulani ya chitukuko ya boma lanu. Ndalama za kumeneko zimakonda milatho ndi midadada, zimenezo n'zoona, koma bungwe lililonse lobwera kudzagwira ntchito limayamba lafotokoza ku komiti ya akuluakulu a khonsolo ya DEC, ndipo likafunsa magulu odalirika, amatchulidwa amene akudziwika kale. Gwero lachiwiri ndi mabungwe akuluakulu amene amagawako ndalama kwa ang'onoang'ono. Musadikire chilengezo cha m'nyuzipepala, apititseni lipoti lanu la masamba awiri miyezi itatu iliyonse ngakhale sanakufunseni. Lachitatu ndi mabungwe akunja amene amakonda magulu a m'midzi, monga Firelight Foundation imene yathandiza ma CBO m'Malawi kwa zaka zambiri. Ofesi ya kazembe wa Japan ili ndi thumba la ntchito zing'onozing'ono, koma limapita kwambiri ku zomangamanga, choncho ndi loyenera denga la sukulu ya mmera mpoyamba kusiyana ndi maulendo a m'makomo. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti pempho lanu lidutse, ameneyo ndi wakuba.

Mukadzapezanso thandizo, za kutseka muzikambirane mwezi woyamba. Makaundula akhale m'manja mwa mlangizi wa zaumoyo, magulu adziwike ku komiti za kadyedwe za kwa gulupu ndi kwa T/A, ndipo miyezi isanu ndi umodzi yomaliza thandizo lizichepa pang'onopang'ono kuti zofooka zionekere ndalama yokonzera ikadalipo.

Opereka ndalama akufuna umboni woti ntchito yathu ikusintha zinthu. Tilibe ndalama zolembera katswiri. Tichite bwanji? — Msungichuma wa gulu la mpingo, Mzimba

Chiwerengero cha anthu amene anabwera kumsonkhano si umboni, chimangosonyeza kuti msonkhano unachitika. Werengani khalidwe, ndipo kumene mungathe, onani ndi maso m'malo mofunsa. Mukafunsa ngati amasamba m'manja aliyense avomera. Pitani kuchimbudzi mukaone ngati mpondagiya alipo, ngati m'kagaloni muli madzi, ngati pali sopo kapena phulusa, ndipo ngati dothi la pansi pake ndi lonyowa. Pa kadyedwe, funsani zimene mwana anadya dzulo kuyambira podzuka mpaka pogona, inu muziika m'magulu, osamuwerengera mayi mndandanda woti azingoyankha kuti inde.

Pali njira yotchipa yotchedwa LQAS. Gawani dera lanu m'zigawo zisanu, m'chigawo chilichonse musankhe makomo 19 mwamaere kuchokera m'kaundula, onse pamodzi 95. Chitani izi ntchito isanayambe, kenaka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mafunso osasintha, ndipo muziyerekeza nyengo yofanana, chifukwa kuyerekeza February ndi June kumakupatsani chipambano chimene chabwera ndi kukolola. Ofunsa asinthane zigawo, pulomota asafunse m'dera lake. Makomo 19 amakwanira kukuuzani chigawo chimene chatsalira, ndipo ndi kumeneko mukaonjezere kalondolondo.

Chenjezo limodzi: musalonjeze kuti mudzachepetsa kupinimbira m'chaka chimodzi. Msinkhu wa ana umasintha pang'onopang'ono, ndipo kuuyeza molondola kumafuna mabolodi, anthu ophunzitsidwa ndi ana mazanamazana. Lonjezani zimene maulendo anu angasinthe. Zikakanika, lembani kuti zakanika ndi chifukwa chake. Lipoti lonena kuti zonse zayenda bwino pa 100 pa 100 wowerenga wodziwa ntchito salikhulupirira.

M'dera langa tinaika malamulo oti kholo lokwatitsa mwana lilipe mbuzi. Kodi zindapusazi sizingakhale thumba loyendetsera ntchito yoteteza ana? — Gulupu, Dedza

Zikomo mfumu. Malamulo anu ali pamsana pa lamulo la dziko, pakuti lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu mu 2017 zinaika zaka 18. Kwanu komweko mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto inaonetsa dziko lonse mphamvu imene ufumu uli nayo pothetsa maukwati a ana. Koma chindapusa chisakhale thumba la ntchito. Banja lokwatitsa mwana nthawi zambiri ndi losauka, ndipo mbuzi imene mwalanda ndi yomwe ikanagula yunifolomu. Komanso komiti ikayamba kudya za milandu, anthu amabisa: ukwati umachitikira kutsidya, mwana nkumati wapita kwa azakhali. Mbuzi ikaperekedwa, ilembedwe ndipo ithandize mtsikana yemweyo. Nkhani yogona ndi mwana si yothera pabwalo, ipite kupolisi, ndipo aliyense atha kuimba 116 kwaulere.

Ndalama zenizeni zimafunika ukwati utatha. Mtsikana wabwerera kunyumba kumene kunali njala yomwe ija, mwina ali ndi khanda. Akufunika makope, sopo, zovalira pa msambo, womulerera mwana ali m'kalasi, ndi amayi a mother group omuyendera mlungu uliwonse teremu yoyamba, poti ndi nthawi imene anzake amamuseka ndipo ambiri amabwereranso kwa mwamuna. Kafukufuku wa ku Zomba wa 2008 ndi 2009 anapeza kuti ndalama zoperekedwa kwa atsikana ndi makolo awo popanda zomangira zinachepetsa maukwati ndi mimba, koma patatha zaka ziwiri ndalamazo zitasiya, phindulo linali litazilala. Choncho pempho lanu likhale lofikitsa mtsikana kumapeto kwa sukulu, ndipo muikemo njinga ya wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, amene nthawi zambiri amayang'anira midzi yambiri wapansi.

Ndife gulu la Amalawi ogwira ntchito ku Johannesburg. Timasonkha pang'ono mwezi uliwonse ndipo tikufuna kuthandiza sukulu ya mmera mpoyamba ya kumudzi kwathu. Tigule zidole kapena titumize ndalama? — M'malo mwa gulu, Johannesburg

Abale athu, ndalama yanu ili ndi ubwino umene ya mabungwe ilibe: imabwera mwezi ndi mwezi ndipo ilibe tsiku lotsekera. Zidole zisiyeni, alezi ophunzitsidwa amapanga zawo ndi dongo, zitsekerero ndi nsanza. Sukulu zimenezi zimatsekedwa phala likatha, makamaka January ndi February, ndipo ndi pamenepo mungagwire.

Werengerani chonchi. Mukaika magalamu 50 a ufa pa mwana patsiku, ana 80 amadya makilogalamu 4 patsiku, 80 pamwezi wa masiku 20 a sukulu. Ufa wa likuni ndi magawo anayi a chimanga pa gawo limodzi la soya wokazinga, kutanthauza makilogalamu 64 a chimanga ndi 16 a soya. Gulani mu May kapena June mitengo ili pansi, musunge m'matumba osalowa mpweya a PICS, ndipo muzigayitsa za milungu iwiri yokha chifukwa ufa wa soya suchedwa kuwawa. Mbewu ndi feteleza wa munda wa sukulu zifike pofika October. Makolo apitirize kulima mundawo ndi kusinthana pophika. Mukawalanda zonse, tsiku limene mmodzi wa inu ntchito yamuthera, sukulu idzatseka.

Ndalama zizipita ku akaunti ya komiti, osati pa foni ya m'bale wanu, ngakhale ndi wokhulupirika chotani, chifukwa mumamuika pa mpeni ndi mudzi wonse. Mwezi uliwonse komiti itumize pa WhatsApp chithunzi cha kaundula wa ana obwera ndi malisiti, osati nkhope za ana. Funsani ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ku khonsolo za maphunziro a alezi, ndipo mulipirire awiri, kuti mmodzi akakwatiwa kutali kapena kupeza ntchito, luso litsale pasukulupo. Kamodzi pamwezi mlangizi wa zaumoyo aziitanidwa kudzayeza ana ndi kucheza ndi makolo obwera kudzaphika, ndipo mayendedwe ake achokere m'thumba lanulo.